Aílton wa ku Brazil: atachoka ku Bremen anasochera, kapena ankangogwira ntchito?

Aphiri a ku Kawale

Abale anga, usiku wathawu ndinakhala pa YouTube mpaka magetsi atazima, ndikuonera masewero a pa 8 Meyi 2004, Bayern Munich kulandira Werder Bremen pa Olympiastadion. Pofika nthawi yopumulira Bremen inali itamwetsa kale zigoli zitatu. Choyamba mpira unamupulumuka m'manja goloboyi wa Bayern Oliver Kahn, Klasnić n'kuugwetsera mu ukonde. Chachiwiri Micoud anaukweza pamwamba pa goloboyi. Chachitatu anachinya ndi Aílton, kuupinda ndi phazi lamanzere ali chapatali ndithu. Masewero anatha 3-1, Bremen n'kutenga Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, pakhomo pa Bayern kutatsala masewero awiri.

Sizoni imeneyo Aílton anachinya zigoli 28, kuposa aliyense mu ligi, Roy Makaay akumutsatira ndi 23. Anatenga ligi, anatenga chikho cha DFB-Pokal, atolankhani n'kumusankha kukhala wosewera wa chaka ku Germany, mlendo woyamba kulandira ulemu umenewo.

Ndiye ndinati ndione kumene anathera, mtima n'kundipweteka. Schalke, Beşiktaş, Hamburg, Red Star Belgrade, Grasshopper ya ku Zürich, Duisburg, Metalurh Donetsk, Altach ya ku Austria, Campinense kwawo, Chongqing Lifan ku China, Uerdingen, Oberneuland, Rio Branco, Hassia Bingen. Onsewa m'zaka zosakwana 10. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga ochuluka chonchi? Ine ndikuti munthuyu anadzitaya yekha tsiku limene anasainira Schalke. Amene mukumudziwa bwino mundiuze ngati ndikulakwitsa.

Tadala_265

Madala, ine dzinali ndikulimva koyamba lero. Munthu wochinya 28 ku Germany, nanga ku timu ya dziko la Brazil sankamuitana?

Kochi Wakale

Mphwanga Tadala, tikunena nthawi ya Ronaldo, Ronaldinho, Adriano, Luís Fabiano, Robinho akungotuluka kumene ku Santos. Mphunzitsi wa Brazil Carlos Alberto Parreira akati alembe mayina a akutsogolo, pepala linkadzaza asanayang'ane n'komwe ku Germany. Giovane Élber anachinya zigoli 133 mu Bundesliga, anatenga Champions League ndi Bayern mu 2001, koma ku World Cup sanapiteko. Ndiye wa ku Bremen akanamukumbuka ndani? Aílton sanavalepo yunifolomu yachikasu ija ngakhale mphindi imodzi.

Komanso kwawo sanatchuke asanatuluke. Anabadwa mu 1973 ku Mogeiro, katauni ka m'chigawo cha Paraíba, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, dera la alimi ndi oweta ng'ombe, kutali ndi Rio ndi São Paulo kumene kumakhala maso a atolankhani. Anadutsa ku Internacional, ku Mogi Mirim, ku Santa Cruz ya ku Recife, ku Guarani, kenako n'kuwolokera ku Mexico, ku Tigres ya ku Monterrey. Bremen inakamutenga kumeneko mu 1998 ali ndi zaka 25.

Aphiri, apa ndiye ndikusiyana nanu. Kuyendayendako sikunayambe mu 2004. Munthuyu anali wapaulendo kuyambira pachiyambi. Chachilendo m'moyo wake ndi zaka zisanu ndi chimodzi zimene anakhazikika ku Bremen. Funso loyenera kufunsa n'lakuti kodi ku Bremen kunali chiyani chimene chinamugwira.

Nangozo wa ku Bremen

Zikomo Aphiri pobweretsa nkhaniyi, mwandikumbutsa kutali. Ine ndinafika kuno mu 2002 kudzaphunzira unamwino, ndipo za mpira sindinkazitsata. Anandilowetsa ndi odwala. M'wodi imene ndinkagwira munali agogo ena aamuna amene ankamangirira sikafu yobiriwira ndi yoyera pa chitsulo cha bedi, ndipo Loweruka masana ankandipempha ndiwayandikizire kawailesi kukhutu. Ndikawafunsa kuti ndani wachinya, yankho linali lomwelo kawirikawiri: Toni. Kuno samutchula Aílton, amati Toni basi, ngati mwana wa pakhomo. Dzina lina ankamutcha Kugelblitz, kunena mphezi yobulungira, chifukwa cha thupi lake lalifupi lojintcha, khosi ngati palibe, koma akathamanga otchinga kumbuyo ankangoona nambala 32 ya kumsana.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti poyamba zinamukanika kuno. Anafika kumapeto kwa 1998 nyengo yozizira ikuyamba, chilankhulo osachimva, mphunzitsi ali Felix Magath, munthu wodziwika ndi kuthamangitsa anyamata mpaka miyendo kuuma. Magath sankamufuna. Sizoni yoyambayo anachinya zigoli ziwiri zokha, nthawi yambiri ali pabenchi kapena m'mipando ya oonera, ndipo ankafuna kubwerera kwawo. Ine ndimamumvetsa. Novembala wanga woyamba kuno mdima unkagwa 5 koloko isanakwane, mvula yowaza tsiku lonse, mphepo yochokera kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinkadya ndekha m'chipinda ndikulira. Munthu wochokera ku Paraíba, kudzera ku Monterrey kotentha kuja, ndikudziwa zimene ankamva.

Mu Meyi 1999 timu ili pafupi kutuluka mu ligi, Magath anachoka, n'kulowa Thomas Schaaf, mwana wa timu yomweyi amene moyo wake wonse wa mpira anausewera ku Werder. Anaipulumutsa timu, mwezi wotsatira n'kutenga chikho pogonjetsa Bayern pa mapenate. Schaaf ndi amene anamutola Toni pansi.

Kochi Wakale

Achemwali mwafika pamene ndimafuna. Taonani zigoli zake mu ligi sizoni ndi sizoni ku Bremen: 2, kenako 12, 14, 16, 16, n'kumaliza ndi 28. Zonse pamodzi 88. Ameneyu sanaphulike mwadzidzidzi, anamangidwa pang'onopang'ono ngati nyumba ya njerwa zootcha.

Ine ndaphunzitsapo anyamata zaka zambiri, ndipo mtundu wa wosewera ngati uyu ndimaudziwa. Sabwerera kudzathandiza kumbuyo. Mipira yamutu si yake. Amaima paphewa la wotchinga womaliza, kudikira, ndipo woyimbira wapamzere amamukwezera mbendera ya ofusayidi kangapo pa masewero amodzi. Anzake amatopa naye, masapota amatukwana. Koma mpira umodzi ukadutsa nthawi yake, mamita asanu oyambawo palibe womugwira, ndipo phazi lamanzere lija silikhululuka. Kuti upindule ndi munthu wotere umafunika zinthu ziwiri: mphunzitsi wovomera kuti anthu naini azithamangira wakhumiyo, ndi munthu wapakati woona kuthamanga kwake asanayambe n'komwe.

Schaaf ankaika apakati anayi mooneka ngati dayamondi. Frank Baumann pansi, Fabian Ernst mbali ina, Borowski kapena Lisztes mbali inayo, pamwamba Johan Micoud, Mfalansa amene Klaus Allofs, mkulu wa zamasewero ku Bremen, anakamutenga ku Parma mu 2002. Micoud ankaponya mpira pamene Aílton adzafike, osati pamene waima. Pambali pake poyamba panali Claudio Pizarro mpaka atapita ku Bayern mu 2001, kenako Ivan Klasnić amene ankadziwa kusunga mpira ndi kukoka otchinga. Mukaonera zigoli 28 zija muziyang'ana phazi limene laponya, osati lokhalo limene lamaliza. Mutu umodzi susenza denga.

Aphiri a ku Kawale

Ndiye Akochi mukundithandiza kunena! Ngati zonsezi anali nazo ku Bremen, ankafunanji ku Gelsenkirchen, kwawo kwa Schalke? Ndipo onani nthawi yake. Nkhani yoti akupita ku Schalke inatuluka mu Okutobala 2003, sizoni itangoyamba kumene, kontrakiti yake ikutha mu 2004, ndiye kuti Bremen sinalandirepo kanthu. Rudi Assauer, manijala wa Schalke, anamutenga pamodzi ndi Mladen Krstajić, wotchinga kumbuyo wa Bremen yomweyo. Munthu amene anakutola uli pabenchi ukumusiya chimanjamanja. Ndalama zilipo, inde, koma ulemu nawo ndi chuma. Bremen inangopita ku Kaiserslautern kukatenga Miroslav Klose, moyo n'kupitirira, Klose n'kudzachinya 25 mu sizoni ya 2005-06. Amene anataya ndi iyeyo.

Mbewe wa ku Durban

Achimwene Aphiri, ndikulemekezani koma mawu oti "anadzitaya" andikhudza, chifukwa ndi mawu omwewo amene abale ena kumudzi amanena za ife tili kunofe. Ine chifikireni ku South Africa mu 2006 ndagwira m'malo asanu ndi awiri. M'munda wa maluwa kwa bwana wina, pa galaja, pa resitilanti, pa kampani ya alonda, mpaka pano ndikuyendetsa galimoto yonyamula katundu. Malo ena ndinawakonda kwambiri. Pa resitilanti paja ankandikonda ngati mwana wawo, koma nditapempha kuti andiwonjezere malipiro patatha zaka zitatu anandiuza kuti ndidikire. Mwana wanga sukulu sinkadikira. Ndinachoka. Kodi ndinadzitaya?

Aílton mu 2004 ankakwanitsa zaka 31. Wosewera wodalira liwiro pa msinkhu umenewo amadziwa kuti kontrakiti yaikulu yatsala imodzi. Kuyambira chigamulo cha Bosman mu 1995, wosewera amene kontrakiti yake yatha amachoka mwaulere, ndipo ndalama imene timu yatsopano ikanalipira timu yakale, gawo lina limapita m'thumba mwake. Ndiwo mwayi wokhawo umene wantchito ali nawo pa msika umenewu. Bremen sinali timu ya ndalama ngati Bayern kapena Schalke. Matimu akamagulitsa wosewera amene sakumufuna palibe amene amati timu yadzitaya, timati ndi bizinesi. Wosewera akachita zomwezo timati alibe ulemu.

Ndipo musaiwale chinthu chimodzi. Atasaina kale ku Schalke mu Okutobala, sanagone pansi. Zigoli zambiri mwa 28 zija anachinya akudziwa kuti akuchoka. Wantchito amene wapereka notisi koma n'kugwira mpaka tsiku lomaliza kuposa kale, ameneyo kwa ine ndi waulemu.

Wa ku Chipata

Bwanji tione manambala, abale. Ku Schalke sanalephere monga anthu amanenera. Anachinya 14 mu ligi, timu inamaliza yachiwiri kumbuyo kwa Bayern, inafikanso mu fainolo ya chikho n'kugonja 2-1 kwa Bayern yomweyo. Vuto linali lakuti mphunzitsi Jupp Heynckes amene anamupeza atafika anachotsedwa mu Seputembala 2004, n'kubwera Ralf Rangnick, munthu wofuna kuti aliyense azithamangitsa mpira kuyambira kutsogolo. Zimene Akochi afotokoza zija, kuima paphewa la wotchinga n'kudikira, kwa Rangnick ndi mlandu. Patatha chaka chimodzi anamugulitsa ku Beşiktaş ya ku Istanbul. Kumeneko sanathe n'chaka chomwe, mu Januwale 2006 anabwerekedwa ku Hamburg, kumene anathyoka chibwano atangosewera masewero ochepa. Mu Bundesliga yonse ali ndi zigoli 106: Bremen 88, Schalke 14, Hamburg 3, Duisburg 1.

Nangozo wa ku Bremen

Za ku Hamburg zo kuno amazikambabe mpaka lero. Muyenera kudziwa kuti Hamburg ndi Bremen ndi mizinda yoyandikana, pa sitima ndi ulendo wa ola limodzi, ndipo matimu awiriwa sagwirizana ngakhale pang'ono. Toni kuvala yunifolomu ya Hamburg anthu zinawawawa kuposa za Schalke.

Ndiye tsiku lomaliza la ligi mu Meyi 2006, Hamburg ikulandira Bremen, akulimbirana malo achiwiri olowera Champions League mwachindunji. Hamburg inkangofunika kufanana mphamvu. M'chigawo chachiwiri mpira unamupeza Toni goloboyi atadutsidwa kale, golo lili pululu, iye n'kuphonya. Bremen inapambana 2-1 n'kulanda malowo. Ine ndinali pa ntchito tsiku limenelo, tinkaonera pa TV ya m'chipinda chochezera odwala. Ataphonya munali phokoso ngati Bremen yachinya, bambo wina wa pa njinga ya olumala akumenya m'manja akufuula kuti Toni ndi wathu. Ine sindikhulupirira kuti anachita dala, munthu amene ankafuna Hamburg imugule sakanaponya mwayi wotero. Ndinamumvera chisoni pomuona atagwira kumutu. Hamburg sinamugule.

Tadala_265

Eee, zowawa. Koma ndaona penapake akutchula Qatar. Anasewerakonso kumeneko?

Wa ku Chipata

Ayi mphwanga, imeneyo ndi nkhani ya timu ya dziko. Kumayambiriro kwa 2004, ali pachimake, Qatar inamupempha kuti atenge unzika wawo aziwasewerera pa masewero olimbirana malo a World Cup ya 2006, pamodzi ndi Dedê wa Borussia Dortmund ndi m'bale wake Leandro. Mphunzitsi wa Qatar nthawi imeneyo anali Philippe Troussier, yemwe uja anaphunzitsapo Nigeria, Burkina Faso ndi South Africa. Atatuwa analibe ubale uliwonse ndi Qatar, sanakhaleko n'komwe. FIFA inakhala pansi mwachangu mu Malichi 2004 n'kukhazikitsa lamulo loti wosewera azikhala ndi chomulumikiza ku dzikolo: kubadwirako iyeyo, kholo kapena agogo, apo ayi akhaleko zaka ziwiri. Mu 2008 zakazo anazikweza kufika zisanu. Ndiye lamulo limene timalitchula masiku ano likamabwera nkhani ya osewera osintha mayiko, mbali ina linabadwa chifukwa cha munthu ameneyu.

Aphiri a ku Kawale

Apa ndiye Ambewe simungamuikire kumbuyo. Timu ungasinthe, koma mbendera? Kuimba nyimbo ya fuko la dziko limene sunapondemo?

Mbewe wa ku Durban

Pamenepo ndikuvomera, achimwene, FIFA inachita bwino. Koma ndimayesa kulowa mumtima mwake. Wachinya kuposa aliyense mu ligi imodzi mwa zazikulu padziko, kwanu foni siikulira, ndipo ukudziwa kuti siidzalira. Mwezi wa February 2004 anaona Francileudo dos Santos, Mbrazil mnzake, akuchinya mu fainolo ya Africa Cup, Tunisia ikugonjetsa Morocco 2-1. Deco anali atayamba kale kusewerera Portugal. Kusiyana kwake n'kwakuti Santos anasewerapo ku Étoile du Sahel ku Tunisia komweko, Deco anakhala zaka ku Portugal. Aílton anafuna kudutsa njira yachidule, ndipo anaitseka. Koma njala yofuna kusewera World Cup ndimaimvetsa.

Ndikuuzeni za wina amene mwayi umenewo anaupeza, chifukwa ameneyu ndinamuona ndi maso angawa. Pa 25 Juni 2010 ndinali m'bwalo la Moses Mabhida kuno ku Durban, Brazil ndi Portugal, tikiti anandipatsa ndi bwana amene ndinkamugwirira nthawi imeneyo. Masewero anali ozizira, 0-0, mavuvuzela okhaokha. Kutatsala mphindi zochepa mphunzitsi wa Brazil Dunga anatulutsa Luís Fabiano n'kulowetsa chimunthu chachitali, Grafite. Anthu ondizungulira sankamudziwa. Ine ndinaimirira, chifukwa mbiri yake ndinali nditaimva. Munthu uyu ali ndi zaka za m'ma 20 anali akugulitsabe mapepala otayiramo zinyalala khomo ndi khomo. Anadutsa ku Matonense, Santa Cruz yomwe ija ya Aílton, Grêmio, ku South Korea ku Anyang LG Cheetahs kumene zinamukanika, Goiás, São Paulo kumene anatenga Copa Libertadores mu 2005, Le Mans ku France, kenako Wolfsburg. Mu 2008-09 anachinya 28, nambala yomweyo, Wolfsburg n'kutenga ligi koyamba m'mbiri yake, iye n'kukhala wosewera wa chaka ku Germany. Wapaulendo mnzake. Anangokhudza mpira kangapo tsiku limenelo, koma ine ndinabwerera ku nyumba nditakhuta.

Kochi Wakale

Ambewe mwatchula munthu woyenera kumuyerekeza naye. Ndipo mudziwe kuti mphunzitsi amene anakamutenga Grafite ku Le Mans mu 2007 ndi Felix Magath yemwe uja anamukhazika Aílton pabenchi. Mphunzitsi mmodzi, Abrazil awiri, wina anafota m'manja mwake, wina anaphuka. Grafite anali wamphamvu, wolimbana ndi otchinga, wolola kuthamangitsidwa m'mapiri pa nthawi yokonzekera. Anali ndi Džeko pambali amene anachinya 26, Misimović kumbuyo akuponya. Tadala, ukafufuze chigoli chake cha chidendene pa 5-1 ija ya Wolfsburg ndi Bayern mu Epulo 2009, udzandiuza.

Koma pali pamene ndikugwirizana ndi Aphiri, ndipo ndinene mosabisa. Grafite atachoka ku Germany mu 2011 anakakhala pafupifupi zaka zinayi ku Al Ahli ya ku Dubai, akuchinya, kenako n'kubwerera ku Santa Cruz kumene anamulandira ngati mfumu. Aílton atachoka ku Schalke sanakhazikikenso nthawi yaitali malo amodzi mpaka kumapeto. Zimenezi sizingakhale vuto la aphunzitsi onse. Chizolowezi chake chochedwa kubwerera ku tchuthi cha ku Brazil chinali chodziwika ngakhale ku Bremen. Januwale akafika anzake ali kale pa maphunziro, iye akadali ku Paraíba ndi akavalo ake, pakuti amakonda vaquejada, mpikisano wa kwawo wothamangitsa ng'ombe uli pa kavalo. Schaaf ankamulipiritsa chindapusa n'kumuseweretsa Loweruka, chifukwa ankadziwa chimene amupatse. Ku Istanbul, ku Belgrade, ku Donetsk, palibe amene anali ndi ngongole ya chikondi kwa iye. Ankagula dzina la 2004, kufika munthu wa zaka 33, 34, 35 amene mamita asanu aja ayamba kumuthawa. Wosewera wa mtundu wake liwiro likachepa pang'ono chabe, ofusayidi imatsala, zigoli zimapita.

Ndinali ndi mnyamata wotere pa timu ya ana imene ndinkaphunzitsa. Ndinkamutsatira kunyumba kukamudzutsa tsiku la masewero. Atapita ku timu yaikulu palibe amene anakamugogodera, ndipo mpira wake unathera pomwepo. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinamuthandiza kapena ndinamuwononga.

Aphiri a ku Kawale

Mwaona? Ndiye chomwe ndikunena. Akanakhala ku Bremen akanasewera Champions League ndi Micoud, akanatsika pang'onopang'ono pakati pa anthu omukonda. M'malo mwake Duisburg, chigoli chimodzi, timu n'kutuluka mu ligi mu 2008. Kenako Uerdingen mu ligi yachisanu ndi chimodzi. Wosewera wa chaka ku Germany! Zimandiwawa chifukwa ndamukonda dzulo lomweli.

Mbewe wa ku Durban

Akanakhala, Klose sakanabwera? Kapena akanabwera, Toni n'kubwerera pabenchi pamene anayambira? Palibe akudziwa, achimwene. Ine chimene ndikuona pa mndandanda wanu uja ndi munthu amene foni ikalira ankanyamula chikwama. Serbia, Switzerland, Ukraine, Austria, China. Chilankhulo china, chakudya china, kuzizira kwina, ali ndi zaka zoti anzake akhala kale pansi. Amene sanagonepo m'chipinda chachilendo usiku woyamba sangadziwe kulimba mtima kumene kumafunika. Esau Kanyenda wathu atachoka ku Jomo Cosmos kupita ku Rostov mu 2003 tinkanyadira kuti mwana wathu ali ku Russia, koma ndi angati tinaganizapo za Disembala wake woyamba kumeneko?

Nangozo wa ku Bremen

Aphiri, ndikuuzeni zimene ndinaona, mwina mtima ukhala pansi pang'ono. Oberneuland imene mwaitchula pa mndandanda wanu si kutali ayi, ndi dera la mu Bremen momwemuno, chakum'mawa, kwa anthu opeza bwino, kwa mitengo yambiri. Timu yake nthawi imeneyo inali mu ligi yachinayi. Atabwera mu 2010 ndinapita ndi mwana wanga wamwamuna, ali wamng'ono, kukamuona. Kabwalo kakang'ono, fungo la soseji yowotcha, ukhoza kumva osewera akuitanana. Anali atanenepa, sankathamanga ngati kale, nthawi zambiri ankangoyenda. Koma mpira ukafika ku phazi lamanzere lija umamva kulira kwake kuti n'kosiyana ndi kwa anzake onse m'bwalomo. Masewero atatha sanathamangire m'chipinda. Anaima pa mpanda nthawi yaitali akulemba dzina lake pa majezi, pa zipewa, akuseka, akulankhula Chijeremani chake chothyokathyoka chimene anthu kuno amachikonda ndi kuchitsanzira. Mwana wanga anamupatsa kapepala ka tikiti. Tikadali nako.

Ine sindinaone munthu wamanyazi tsiku limenelo. Ndinaona munthu amene akufunabe kusewera mpira, ndipo wapeza pomwe angamulole.

Mu 2014 Werder inamukonzera masewero otsanzikana pa Weserstadion, bwalo lija lili m'mbali mwa mtsinje wa Weser. Panali patatha zaka 10 chichokereni, atavalapo za Schalke ndi za Hamburg, koma anthu pafupifupi 40,000 anabwera. Anzake a 2004 analipo, Micoud analipo, Schaaf analipo. Toni analira ngati mwana, monganso analirira mu Meyi 2004 potsanzika. Ine ndinali kumtunda kwenikweni, ndipo mayi amene anakhala pambali panga, sindikuwadziwa n'komwe, anandigwira dzanja nthawi yonse imene ankazungulira bwalo.

Aphiri a ku Kawale

Achemwali, mwandigwetsa misozi. Pa za Schalke sindinasinthe maganizo, ndikuonabe kuti anafulumira. Koma mawu oti anadzitaya ndawabweza, Ambewe mundikhululukire, sindinaganize kuti akufikani chotero.

Mbewe wa ku Durban

Palibe mlandu achimwene. Mukabwera ku Durban ndidzakutengerani ku Moses Mabhida mukaone pamene ndinakhala.

Tadala_265

Ndachipeza chigoli cha chidendene chija Akochi, ndachibwereza kasanu, otchinga a Bayern akungogwa okha. Panopa ndikuonera za Toni za 2003-04 ndipo ndikuyang'ana woponya monga munanenera. Micoud uja nambala 10 amaponya asanadzutse n'komwe mutu. Amayi Nangozo, mukapeza mpata mutijambulire katikiti kaja mutiikire pano.

Nangozo wa ku Bremen

Ndili pa ntchito ya usiku mwanangu, ndikaweruka m'mawa ndikakafufuza. Kali mu Baibulo la mwana wanga, inki yake inayamba kufufuta koma nambala 32 imene analemba pansi pa dzina ikuonekabe.